Mameda Awiri m'Nyumba ya Mphunzitsi

(Mau amene ananenedwa pa msonkhano wa aphunzitsi a m'maboma a Petauke ndi Nyimba. Tawasindikiza monga anawalembera mwini wace, cifukwa ca anzathu a kutali amene sanathe kufika.)



Pamene kalata yanu inandipeza, yondipempha kuti ndidzanene za Mau a Mulungu m'moyo wathu wa tsiku ndi tsiku, ndinayamba kusonkhanitsa ndime zambiri, monga ticita ife aphunzitsi pofuna kuoneka ophunzira. Ndinadzaza mapepala atatu. Koma amai a kunyumba kwanga, atawerenga mapepalawo, anati, "Zonsezi anthu azidziwa kale. Kawauzeni za mameda aja." Ndinakhala cete masiku awiri, pakuti nkhani ya mameda njocititsa manyazi. Lero ndabwera nayo, pamodzi ndi mameda eni ace. Ndi awa muwaona pa thebulo.

Inu okhala kumidzi simusowa kuuzidwa kuti meda nciani. Ndi kacigubu kaja ka malita asanu kamene tiyesera cimanga, nshawa ndi nyemba, kuyambira pa msika wa Petauke kufikira kwa amai ogulitsa m'mbali mwa mseu waukuru wa ku Lusaka. Sikelo ya makilogalamu iri kwa ogula thonje ndi kwa a FRA. Koma mkazi wamasiye wa dengu limodzi adziwa meda ndi thini basi, ndipo nsima ya ana ace itsamira pa kuona mtima kwa mwini medayo.

Zaka zambiri zapitazo ndinali mphunzitsi wamkuru pa sukulu ina yaing'ono, ulendo wa maora atatu pa njinga kucokera ku mseu waukuru. Dzina lace sindichula, pakuti colakwa cinali canga, si ca sukuluyo ai. M'dera lonselo, ine ndi anzanga awiri ndife tokha amene tinali kuona ndarama mwezi ndi mwezi. Mudziwa umo zikhalira m'Meyi ndi m'Juni: nkhokwe zadzala, koma m'thumba mulibe kanthu; mcere watha, sopo palibe, mwana afuna yunifomu, ndipo ogula a boma sanafike. Anthu anadza okha pakhomo panga ndi madengu pamutu, nandipempha kuti ndigule. Ndinagula. Ndipo m'Januwale ndi m'Febuluwale, nkhokwe ziri pululu, cimanga ca m'munda cikali kumasula ngaiyaye, anthu omwewo anadzanso ndi madengu opanda kanthu, nandipempha kuti ndiwagulitse. Ndinagulitsa.

Meda yogulira ndinaipata kwa wamalonda wina wopita m'njira. Anali ataithira madzi owira ndi kuikankha mkati ndi mtengo, kufikira mimba yace inatupa. Poiyang'ana sungadziwe kanthu. Yogulitsira inali ina, yodulidwa pang'ono kukamwa. Mtima wanga ndinautonthoza ndi mau awiri: kuti sindinazikonze ndine, ndi kuti onse acita comweco. Ndipo Lamulungu liri lonse ndinaima pamaso pa anthu omwewo, m'cipinda ca sukulu m'mene tinali kupempherera, ndi kuwauza za cikondi ca Mulungu.

Tsiku lina tinafika pa phunziro la masamu la kuyesa zamadzi, la malita ndi theka la lita. Ndinatuma mnyamata wina kunyumba kwanga kuti akatenge meda, tiyesere madzi. Amai anali kumunda. Ndipo mnyamatayo, posadziwa imene ndifuna, anabwera nazo zonse ziwiri. Ndisanaganize cocita, ana anali atazilandira kale, nayamba kuthiramo madzi ndi botolo la lita limodzi, ali kuwerenga onse pamodzi mokweza, monga ndinawaphunzitsa ndine. Yoyamba inasefukira botolo lacisanu lisanathe. Yaciwiri inameza mabotolo asanu, nifunanso theka. M'cipinda munali zii. Pamenepo kamtsikana kena ka pa mpando wa kutsogolo, kamene amace anagulitsa kwa ine m'Juni nagula kwa ine m'Januwale, kanakweza dzanja, nikati, "Aphunzitsi, nanga yoona ndi iti, kuti tilembe?" Kanafunsa kopanda cinyengo, kofuna yankho la m'kope mwace. Pa ziwirizo panalibe yoona. Ndinawauza kuti alembe malita asanu, ndipo ndinawaturutsa kukasewera nthawi isanakwane.

Ndinganame ndikati ndinalapa usiku womwewo. Ndinakwiya, poyamba ndi mnyamata uja, pambuyo pace ndi amai cifukwa cosiya mameda poyera. Panapita masabata angapo ndisanabvomere kuti woyenera kumkwiyira ndine.

Amene anandigwira ndiye Mose. Mukafika kwanu muwerenge Deuteronomo 25, kuyambira ndime 13 kufikira 16. Pano sindiwerenga, popeza nonse muli nao mabuku. Cimene ndifuna muone ndi ici: lamulo limenelo liyamba ndi kuletsa kusunga, lisanafike pa kugula ndi kugulitsa. Munthu asapezeke ndi miyala yoyesera ya mitundu iwiri m'cikwama cace, kapena zoyesera ziwiri zosiyana pakhomo pace. Ine ndinali kudziuza kuti meda yaikuru ndiigwiritsa nchito kwa amalonda anzanga okha, amene andinyenganso. Koma cinthu cimene cikhala m'nyumba cidikira tsiku lace, ndipo tsikulo likafika sicifunsa ngati wobwera ndi wamalonda kapena ndi wamasiye. Mose anaudziwa mtima wa munthu, cifukwa cace analamula kuti cinthuco cisagone ngakhale pansi pa kama.

Pitaninso ku Levitiko 19. M'mutu umenewu ndimo Ambuye Yesu anatenga lamulo la kukonda mnzathu, ndime 18, limene ana athu alinena pamtima ngati nyimbo. Koma ndani wa ife anawerengera ana mutu wonsewo? Momwemo muli za kusiya zokolola za m'mphepete mwa munda kuti osauka ndi alendo akunkhe. Muli za kumlipira waganyu tsiku lomwelo, osagona nazo ndarama zace. Ndipo ife tonse tidziwa mau aja amene tinena kwa wopalira m'munda mwathu, akuti abwere mwezi ukatha. Muli za kuweruza kosakondera, kapena wosauka kapena wacuma. Ndipo kumapeto kwace, ndime 35 ndi 36, muli sikelo ndi miyeso. Mutuwo uyamba ndi kuitana anthu kuti akhale oyera cifukwa Mulungu wao ali woyera. Ife tikamva za ciyero tiganiza za kusala kudya ndi mapemphero a usiku wonse, zimene ziri zabwino ndithu. Koma Mose ayamba ndi ciyero natsiriza ndi meda, osaona kuti wasintha nkhani.

Pa mneneri Amosi ndifuna kukhalitsa pang'ono, cifukwa ana athu samva mau ace ngati sitiwafotokozera malonda a nthawi imeneyo. Amosi anali woweta nkhosa wa ku Tekoa, amene analalikira ku Israyeli wa kumpoto m'masiku a mfumu Yerobiamu waciwiri, zaka ngati 760 Ambuye asanabadwe. Inali nthawi ya cuma, ndipo malo opembedzera anali kudzala anthu. Masiku amenewo ku Israyeli kunalibe ndarama zosula monga zathu. Wogula anali kubwera ndi zidutswa za siliva, ndipo wogulitsa anaziyesa pa sikelo ndi mwala wace wochedwa sekeli. Anthu okumba m'mabwinja a ku Yuda apeza miyala yotere yambiri, yolembedwa zizindikiro, ndipo sekeli limodzi lilemera magalamu 11 ndi pang'ono. Tirigu anamuyesa ndi efa, cotengera ca malita ngati 22, ndiko kunena pafupifupi thini lathu lija la malita 20. Tsono werengani mutu 8, ndime 4 kufikira 6, muone cimene anacita wamalonda: anacepsa efa kuti aturutse tirigu wocepa, nakuza mwala wa sekeli kuti alandire siliva wambiri. Anadya mbali zonse ziwiri, monga ndinacita ine. Pamwamba pace anagulitsanso zosesa za pansi, monga ena a ife tiika cimanga cofumbwa pansi pa thumba ndi coyera pamwamba.

Koma cimene cindilasa koposa m'ndimezo ndi cakuti anthu amenewo anali osunga Sabata. Sanatsegule malonda ao tsiku lopatulika. Anadikira ndithu, koma anadikira ali kuwerenga maora mumtima, kuti lithe msanga abwerere ku efa wao. Akadakhala kuno akadapezeka m'kaundula wa mpingo, copereka cao cikadakhala cokwanira, ndipo palibe mkuru wa mpingo akadawaitana pa mlandu. Ine ndinali mmodzi wa iwo, ndipo ndinali wolalikira.

Wina adzati, Kodi tsono mphunzitsi asamacita malonda? Sinditero ai. Malipiro athu tiwadziwa tonse, ndipo ambiri a ife tikaona pepala la malipiro tipeza ngongole zatenga gawo lalikuru tisanagwire ngwee. Kugula m'Juni ndi kusunga kufikira Januwale si chimo. Wosunga agula matumba ndi mankhwala a anankafumbwe, ataya cina ndi makoswe, ndipo ayenera kuona phindu lace. Mudzi umene uli ndi munthu wosunga cimanga upumula ku maulendo a kukafuna cakudya ku boma. Yosefe anasunga. Buku la Miyambo, mutu 11 ndime 26, limdalitsa wogulitsa dzinthu; amene limtsutsa ndiye wotseka nkhokwe kudikira kuti njala iyambe yakula. Ndipo mutu womwewo uyamba ndi sikelo. Phindu la poyera, limene wogula aliona nabvomera, ndi lina. Phindu lobisika m'mimba mwa meda ndi linanso.

Tiyeni ticite masamu, popeza ndife aphunzitsi. Theka la lita pa malita asanu ndilo gawo limodzi la magawo khumi. Ukalipira matumba khumi, m'nkhokwe mwako mulowa khumi ndi limodzi. M'caka ca 2024 a FRA anagula thumba la makilogalamu 50 pa mtengo wa K330. Koma kwa banja la pamudzi thumba lija lakhumi ndi cimodzi siliwerengedwa ndi makwaca, liwerengedwa ndi masabata amene ana adya kawiri pa tsiku. Samu imeneyi ndikupemphani muipereke kwa ana anu a Giredi 6 ndi 7, muwaonetsenso kuyesa meda ndi botolo la lita limodzi. Mwana amene adziwa kucita cimeneci aima pambali pa amace pa msika, ndipo wogula acita manyazi. Ine ndiyesa kuti ora limenelo la masamu licita nchito ya Levitiko 19 kuposa maulaliki anga ambiri.

Zonsezi zikula m'caka ca njala. Pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ca caka cimeneco cinali tsoka la dziko lonse, ndipo inu a kuno munaona ndi maso anu cimanga ciri kufota cisanabereke. Akuru anakumbukira 1992, caka ca cimanga cacikasu cocokera kunja. Pa nthawi zotere munthu wa malipiro asanduka nkhokwe ya mudzi wonse, ndipo pakhomo pace pafika yesero lina, ndilo kaloba. Munthu atenga K100 nalonjeza kubweza K150 mwezi ukatha. Akalephera, ipita njinga, kapena mbuzi, kapena dimba. Sindifunsa kuti ndani pano acita zimenezi. Ndingokukumbutsani mutu 5 wa Nehemiya. Ku Yuda kunali njala, kunalinso msonkho wa mfumu ya Perisiya. Anthu anapereka minda ndi nyumba zao cikole, ena anapereka ndi ana ao omwe mu ukapolo, ndipo olandira anali abale ao. Nehemiya anakwiya kwambiri, koma asanadzudzule anthu anayamba walingalira mumtima. Ndipo pa msonkhano anaulula kuti iyenso, ndi abale ace ndi anyamata ace, anali kukongoza anthu ndarama ndi tirigu. Anadziika yekha m'gulu la oyenera kuleka, nalamula kuti minda ibwezedwe tsiku lomwelo. Onaninso Eksodo 22, kumene wotenga copfunda ca mnzace cikole auzidwa kucibweza dzuwa lisanalowe, pa cifukwa cimodzi cokha, cakuti usiku kuzizira.

Yohane Mbatizi anali ndi mau a ife anchito a boma. Pa Luka 3 anadza kwa iye amisonkho ndi asilikari, anthu olandira malipiro monga ife, nafunsa cimene ayenera kucita. Sanawauze kusiya nchito ndi kukakhala naye m'cipululu. Wamsonkho anamuuza kuti asapitirire pa mtengo woikika, msilikari kuti asaopseze munthu pofuna kumlanda, koma malipiro ace amkwanire. Pamenepa ndinene poyera, kuti wina angandimve molakwa: mau awa satiletsa kupempha boma, mwa mabungwe athu, kuti litiwonjezere malipiro. Aletsa kudziwonjezera tokha kucokera m'dengu la wosauka.

Kufikira pano ena mwakhala mosatekeseka, popeza simugula cimanga. Koma alipo mameda ena amene sakhala m'nkhokwe, ndipo palibe mphunzitsi amene alibe. Colembera cofiira ndi meda. Pamene tiongola mayeso a mwana wa mphunzitsi mnzathu, kapena wa nduna ya mfumu, dzanja lifewa. Pa kope la mwana wamasiye wong'ambika malaya liuma. Ora la phunziro ndi meda: boma lilipira ora lathunthu, ife tipereka theka, ndipo theka linalo tiligulitsa madzulo kwa ana amene makolo ao angathe kulipira. Ulendo wa ku boma wokatenga malipiro, umene uyamba Lacinai nutha Laciwiri, ndi meda yodulidwa kukamwa. Ana opalira m'munda wa aphunzitsi pa dzina la nchito za manja ndi aganyu osalipidwa. Kuyambira Januwale 2022, pamene boma linacotsa malipiro a sukulu, ana anaculuka kwambiri. Boma linalemba aphunzitsi 30,496 m'caka cimeneco, komabe m'zipinda zambiri mphunzitsi mmodzi sangathe kudziwa bwino maina onse. Pamenepo nkwapafupi kuphunzitsa mipando iwiri ya kutsogolo ndi kuwasiya a kumbuyo kwa Mulungu. Yakobo, pa mutu 2, anena za munthu wobvala bwino wopatsidwa mpando wabwino, ndi wosauka wouzidwa kuima. Ife tiwerenga zimenezi ngati za m'chalichi mokha, osaona kuti mipando tiigawa Lolemba liri lonse. Ndipo Yakobo yemweyo, poyamba mutu 3, acenjeza kuti aphunzitsi adzayesedwa ndi muyeso wolimba koposa.

Mukumbukira kuti m'caka ca 2018 boma linaimitsa mayeso a dziko lonse cifukwa mapepala anaturuka nthawi isanakwane. Pa zimenezo sindikhalitsa. Tonse tinamva manyazi. Ndingonena kuti mwana wa kumudzi, wopanda lamya ndi wopanda ndarama yogulira pepala, ndiye amene alipira pa cinyengo cotere, pakuti malo ace a ku sekondale atengedwa ndi wina.

Cimodzi cokha ndiwonjeze, cimene ciri colemera. Kuyambira 1997 lamulo lilola mtsikana amene anatenga pathupi kubwerera ku sukulu atabereka. Akabwera, timlandira ndi muyeso wotani? Kawirikawiri timyesa ndi meda yaikuru, ya manong'onong'o ndi mau olasa pamaso pa anzace; koma mwamuna amene anampatsa pathupi, ngakhale atakhala munthu wamkuru, ngakhale atakhala wa nchito yathu ino, meda yace njaing'ono kotero kuti siioneka. Pa Yohane 8 anthu anabwera ndi mkazi yekha kwa Ambuye, cinkana cilamulo cimene anali kucitama cinanena za onse awiri. Mphunzitsi amene aona mwana wa sukulu ali kulakwiridwa nakhala cete kuti asunge dzina la mnzace, asunga mameda awiri m'nyumba mwace.

Abale, nchito iyi tinailandira kwa ena. Amisyoni a Dutch Reformed anafika ku Magwero pa 5 Julai 1899. Nyanje inatsegulidwa mu 1905, Hofmeyr mu 1914, Merwe mu 1923, ndipo abale athu Akatolika anamanga ku Minga. Koma azungu pa misyoni anali owerengeka. Amene anafikitsa Mau m'midzi ya kwa Kalindawalo, kwa Ndake ndi kwa Nyalugwe anali aphunzitsi a m'masukulu a kumidzi, amene anaphunzitsa alifabeti mkati mwa sabata, natsogolera mapemphero Lamulungu, naphunzitsanso a kalasi. Buku Lopatulika lathunthu linaturuka mu 1922, ndipo ngakhale litaturuka, odziwa kuwerenga pamudzi anali ocepa. Nanga anthu anawerenga ciani? Anawerenga khomo la mphunzitsi: umo akhalira ndi mkazi wace, umo abwezera khasu lobwereka, umo acitira pa maliro a munthu wosapemphera. Paulo anauza Akorinto kuti iwo eni ndiwo kalata imene anthu onse aiwerenga. Sindinena kuti akuru aja anali angelo. Ena anagwa, ndipo mabuku a mipingo alemba milandu yao. Koma mpingo umene unalandira umwini wace ku Katete pa 23 Epulo 1966 unamera pa makomo amenewo.

Lero Buku silisowa. Cipangano Catsopano ca m'Cinsenga cinayamba kusindikizidwa mu 1923, ndipo mu 2016 cinaturuka cina comasuliridwa mwatsopano, kotero kuti agogo a kuno amva Ambuye Yesu ali kulankhula cilankhulo ca pa mtondo pao. Ambiri muli nalo Buku lonse m'lamya ya m'manja. Pa 29 Disembala 1991 Pulezidenti Frederick Chiluba analengeza kuti Zambia ndi dziko lacikristu, ndipo mu 1996 mauwo analowa m'mau oyamba a malamulo a dziko. Zonsezi tiri nazo. Koma ine sindinamve kuti tsiku la cilengezo cimeneco meda ina inabwerera pa malita asanu. Yakobo afanizira womva Mau wosawacita ndi munthu wodziyang'ana pa kalirole amene aiwala nkhope yace akangocoka. Kalirole tiri nao ambiri tsopano, ndi oyera bwino.

Mudzafunsa kuti munthu akula bwanji m'zimenezi. Ndiribe njira yaikuru. Ndingonena imene inandithandiza ine. Kale ndinali kuwerenga Buku monga mphunzitsi awerenga silabasi, kufuna cokauza ena. Tsopano ndiwerenga ndime zocepa m'mawa, ndipo ndisanatseke Buku ndidzifunsa kuti mau amenewa adzandipeza pati lero, pa ora liti, pamaso pa yani. Ndikalephera kuchula dzina la munthu kapena malo, ndidziwa kuti ndangopenya zilembo. Masiku ena dzina libwera msanga, ndipo likhala lomwe sindilifuna. Ndinapatsanso amai ufulu wa kundifunsa madzulo umo zinathera. Cimeneci ndico cobvuta koposa kwa ife amuna, makamaka amene tazolowera kufunsa ena mafunso tsiku lonse. Koma mtima wa munthu uli wocenjera pa kudzipatsa malikisi, ndipo afunika wina woongola.

Ndipo wina asaturuke muno ndi maganizo akuti meda yoona igula cipulumutso. Onani dongosolo la nkhani ya Zakeyu pa Luka 19. Ambuye analowa m'nyumba yace iye akali wakuba, anthu ali kung'ung'udza panja. Kubweza kunadza pambuyo, monga cipatso. Ndikadayesa kuti Mulungu adzandilandira pokhapo nditakonza zonse, sindikadalimba mtima kuyamba, pakuti zokonza zinali zambiri. Ndinatha kutsegula kope langa la malonda cifukwa ndinakhulupirira kuti Iye analiwerenga kale, ndipo sanandicotse pakhomo pace.

Inde, linalipo kope. Ife aphunzitsi tilemba ciri conse, ndipo ine ndinali nditalemba dzina la munthu ali yense ndi mameda ace, zaka ziwiri zathunthu. Ine ndi amai tinakhala pa nyali mausiku atatu ndi kuwerengera. Zakeyu anabweza kanai. Ine ndinalibe mtima wa Zakeyu, ndinabweza cimene ndinatenga, ndi meda imodzi pamwamba. Zinakwana matumba asanu ndi awiri, ndipo caka cimeneco njinga yatsopano imene tinali kusungira ndarama sinagulidwe. Ndinayesa kutuma ana kuti akapereke, koma amai anakana, nati amene anayesa ndiye akapereke.

Ndinayenda khomo ndi khomo, Loweruka atatu. Ena anaseka, nayesa kuti ndapenga. Mkuru wina anakana kulandira kufikira nditakhala pansi ndi kudya naye nsima. Wina anatenga osanena kanthu, ndipo sanandipatsenso moni kufikira ndinacoka pa sukulupo, sindimtsutsa. Khomo lotsiriza linali la amace a kamtsikana kaja. Ndinakhala pa mphasa, ndinafotokoza zonse monga ndakufotokozerani inu, ndi kuyembekeza kuti adzadabwa. Iwo anapitiriza kusenda nshawa zao, ndipo patapita nthawi anati, "Tinali kudziwa, aphunzitsi. Dengu langa ndilidziwa kulemera kwace. Koma tikadapita kuti?" Zaka ziwiri anthu amenewo anakhala pa mipando ya ana ao Lamulungu liri lonse, kumva ulaliki wanga, ali kudziwa.

Mameda awiriwa ndinayenera kuwatentha, monga mwa lamulo la Mose, ndipo m'nyumba mwanga sanagonemonso. Anakhala m'kabati ya sukulu, ndipo caka ndi caka ndinawaturutsa pa phunziro la malita, ndi kuwauza ana mwini wace. Tsopano ndapumula pa nchito, ndiribe kalasi. Ndiwasiya kwa Alembi a bungwe lathu, kuti amene afuna kuphunzitsa nao abwereke ndi kubweza pa msonkhano wotsatira. Yotupa mimba ndi iyi ya kumanja. Botolo la lita limodzi mudzapeza nokha.